Msuzi wa mang'ina, thewera ndi bala la amalume

Lamulungu lija ndinaphika mang'ina ogula ku butchala ina kuno ku Rosettenville, ndinawasiya pa sitovu kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko, nyama kuchita kusupuka yokha pafupa. Tinadyera nsima, otsala ndinalowetsa mu filiji ndi poto yemwe. Lolemba m'mawa ndikuti nditsegule, msuzi uja wagwirana, ukaugwedeza ukungonjenjemera osatayika, supuni kuima yokha pakati. Aliyense wokulira kwathu amazidziwa izi, umangoubwezera pamoto basi umasungunuka n'kukhalanso msuzi. Ndikuzitchula chifukwa madzulo a tsiku lomwelo ndi pamene tinamasula bandeji ya amalume, ndipo zimene tinapeza pa phazi paja zinali zofanana kwambiri ndi zam'poto zija.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, akhala ku Joni kuno zaka zoposa 20, amagwira ntchito ya m'gadeni cha ku Northcliff. Ali ndi shuga. Bala linayamba ngati kathuza pansi pa chala chachikulu, gambutsi inawakhula, koma iwo sanamve kanthu chifukwa shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu umatha kuponda msomali osadziwa. Anayenda nalo choncho mpaka sokosi inayamba kunyowa ndi kununkha. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba za anthu, ndiye zosintha mabandeji zinagwera ine. Ku kiliniki ina komwe tinapita anatsuka balalo n'kuikapo kansalu koyera kouma, kofewa ngati thonje lopsinja, anakadula ndi sizasi mulingo wa bala, pamwamba gozi, kenako bandeji. Anangoti musinthe pakapita masiku awiri, wotsatira alowe.

Titamasula, kansalu koyera kaja kanalibepo. Pamalo pake panali zinthu zonanda zachikasu, ngati therere losakaniza ndi phala, zikutsetsereka ndikakhudza ndi gilovu. Amalume anayang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma. "Nabanda, phazi lawola ili. Mafinya amenewa. Andidula basi." Mnzawo wina amene ankakwera naye takisi anadulidwa mwendo chaka chatha chifukwa cha shuga yemweyu, ndiye mantha awo sanali opanda pake. Nanenso mtima unali phaphapha. Ndinajambula ndi foni n'kutumizira mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amene ndi nesi, ndipo anandiimbira nthawi yomweyo. "Ayi achemwali musaope, imeneyo ndi alginate, ntchito yake ndi imeneyo, imasanduka jelo ikamwa madzi a pabala. Inu onani khungu la m'mbalimo, latupa? Lafiira? Likutentha? Amalumewo akumva kuzizidwa? Ngati chimodzi mwa zimenezi chilipo thamangani nawo kuchipatala usiku womwe uno, ngati palibe tsukani ndi saline muone pansipo." Ndinatsuka ndi saline, madzi a mchere otsukira mabala, zonandazo zinachoka zonse osamata olo pang'ono, pansi pake panali mnofu wofiira bwinobwino. Mpaka lero zimandiwawa kuti ku kiliniki kuja palibe anatiuza mawu awiri okha kuti musadzadabwe chikasintha. Munthu wamkulu analira misozi chifukwa cha chinthu chimene chinali kugwira ntchito yake molondola.

Alginate ameneyu amachokera ku ndere zofiirira za m'nyanja ya mchere, mtundu wa zimphona zija zimakokoloka m'magombe a ku Cape Town. Ulusi wake amaumanga ndi kashiamu, ndiye ukakumana ndi madzi a pabala, omwe amakhala ndi mchere wa sodiamu, ziwirizi zimasinthana malo, kashiamu kutuluka sodiamu kulowa, ulusi uja n'kumasuka, kumwa madzi, kufufuma n'kukhala jelo. Bala limakhala lachinyontho, osati louma gwa komanso osati lonyowa chonyowa, ndipo pochotsa sukanganula mnofu watsopano ngati mmene gozi wouma amachitira. Amene munasinthidwapo bandeji youma kuchipatala kwathu mukudziwa ululu ndikunenawu. Chinandigwira mtima n'chakuti kansalu kaja sikasintha chifukwa cha nthawi, kamasintha chifukwa cha zimene bala likutulutsa. Pomwe pali madzi ambiri kamasungunuka msanga, pomwe pali pouma kamakhala momwemo, n'chifukwa chake sakaika pa bala louma.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za mankhwala ku yunivesite ya Wits, sukulu yawo ya zaumoyo ili ku Parktown. Ndinamufotokozera, iye n'kuseka kuti anti zimenezo ndiye zimene tikuphunzira temu ino, dzina lake ndi hydrogel, kutanthauza jelo yosunga madzi. Anapempha thewera limodzi la Pampers kwa mayi wa chipinda choyandikana, analing'amba patebulo n'kukutumulira m'mbale timibulu toyera tonga shuga wa mu tiyi, tosakwana ndi supuni yaing'ono yomwe. Anathira madzi kapu yathunthu. Tikuyang'ana choncho madzi anatha, m'mbale munadzaza zinthu zonga matalala, anaitembenuza mbaleyo chadodolido osagwa dontho. Kenako anatenga mchere wa m'khitchini n'kuwazapo, kutakasa ndi supuni, ndipo pasanathe mphindi ziwiri zinayamba kulira madzi, mulu uja kuphwa, madzi kubwerera m'mbale. Amalume anali pampando phazi lili pa sitool, anangoti "Ha! Bwerezanso mdzukulu."

Mmene anatifotokozera, taganizani ukonde wa chilimira, ulusi wautaliutali womangidwa mfundo apa ndi apo, koma waung'ono kwambiri woti maso sangauone. Madzi amalowa m'maso a ukondewo n'kukodwa, ukondewo sungasungunuke chifukwa cha mfundo zija, umangotambasuka. Wa mu thewera dzina lake ndi sodium polyacrylate, ulusi wake uli ndi timphamvu ta magetsi tofanana tomwe timakankhana tokhatokha, ndiye ukonde umatanuka mpaka kumwa madzi oyera olemera kuposa iwo mwini kamazana angapo. Mchere ukabwera umatseka kukankhana kuja, ukonde n'kukhwinyata. N'chifukwa chake thewera limamwa madzi a pampopi ambiri kuposa mkodzo, poti mkodzo uli ndi mchere kale. Msuzi wa mang'ina nawo ndi ukonde womwewu, ulusi wake ndi wochokera m'khungu ndi m'mitsempha ya ng'ombe, ukazizira umalukana, ukatentha umamasuka. Chinaka chathu chija cha kumpoto chimagwirana mwanjira yofananako. Thupi lathu lenilenilo mbali yaikulu ndi madzi okodwa mu ulusi, ndiye n'chifukwa chake zinthu zimenezi thupi silikangana nazo kwambiri ngati mmene limachitira ndi chitsulo kapena pulasitiki wolimba.

Nkhani yoyamba kuzigwiritsa ntchito m'thupi inandisangalatsa chifukwa inachitikira m'nyumba. Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím a ku Prague analemba za jelo yotereyi mu 1960, ndipo pa Khirisimasi ya 1961 Wichterle anapanga magalasi ofewa omata m'diso kunyumba kwake, makina ake anawalumikiza ndi zidole za ana zomangira zotchedwa Merkur ndi dayinamo ya njinga ya mwana wake. Magalasi amenewa anayamba kugulitsidwa ku America mu 1971. Koma jelo imeneyo inali yongokhala, yosasintha. Amene anaonetsa kuti jelo ikhoza kusintha msinkhu mwadzidzidzi ndi Toyoichi Tanaka wa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1978, anapeza kuti ukasintha pang'ono chabe madzi amene jelo yakhalamo, pamafika poti imakhwinyata kamodzi n'kamodzi, osati pang'onopang'ono. Kuchokera apo anthu anayamba kupanga zina zomvera kutentha, zina asidi, zina kuwala, zina shuga.

Imene inandizunguza mutu ndi yochita zosemphana ndi mang'ina. Pali jelo zimene zikazizira zimakhala madzimadzi, zikafunda n'kugwirana. Ndinamufunsa mwanayo kawiri kuti sukulakwitsa? Anati ayi anti, ndipo phindu lake lagona pomwepo, chifukwa thupi la munthu ndi lofunda, madigiri 37. Ndiye mankhwala umawasakaniza ndi jelo yozizira, umakoka mu jakisoni ngati madzi, ukalowetsa m'thupi imakagwirana pamalo pomwepo n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Mu 2020 ku America analoleza mankhwala otchedwa Jelmyto a khansa ya m'njira ya mkodzo ya kumtunda, cha ku impso. Vuto la malo amenewo n'lakuti mkodzo umangotsika nthawi zonse, mankhwala amadzi ukathira amakokoloka asanagwire ntchito. Awa amawaziziritsa, kuwalowetsa ndi kapaipi, akafika ku impso amalimba kutengera mmene malowo alili ngati nsima m'mbale, kenako mkodzo umawasungunula pang'onopang'ono kwa maola 4 mpaka 6. Nzeru yake ndi yokongola zedi. Mtengo wake ndi madola masauzandemasauzande pa dozi imodzi, ndipo munthu amafunika kulandira kangapo.

Jelo ina ndi yotchedwa PNIPAM, imeneyi malire ake ndi madigiri 32. Pansi pa 32 ulusi wake umakonda madzi, umatambasuka, ukangodutsa 32 ulusi umakumbatirana wokhawokha n'kufinya madzi kunja. Teruo Okano wa ku Tokyo anapaka timbale ta mu labu ndi jelo imeneyi n'kumaleramo maselo a munthu pa madigiri 37, maselo amamatirira bwino n'kuyala ngati mphasa. Akafuna kuwachotsa sathira mankhwala owasupula omwe amawavulaza, amangoziziritsa kambaleko, pansi pamamwa madzi, mphasa ya maselo ija n'kunyamuka yathunthu. Mu 2004 madokotala a ku Osaka motsogozedwa ndi Kohji Nishida analengeza kuti anatenga maselo a m'kati mwa tsaya mwa odwala anayi amene khungu loonekera la kutsogolo kwa diso linawonongeka, anawalera pa timbale timeneti n'kuwayala m'maso mwawo popanda kusoka, ndipo maso anayera, anthuwo anayamba kuona bwino. Maselo a mkamwa mwako kukakonza diso lako, chifukwa cha jelo imene imadziwa kusiyanitsa kufunda ndi kuzizira. Ndinakhala chete kanthawi nditamva zimenezi, ndinakumbukira agogo ena kwathu ku Ntcheu amene diso linachita ng'ala yoyera mbee laimu atawagwera pomanga.

Zina tili nazo kale m'zikwama osadziwa. Gaviscon amene timagula ku Clicks kapena Dis-Chem tikadwala chilungulira ali ndi alginate yemwe uja wa pabala la amalume, akafika m'mimba n'kukumana ndi asidi amagwirana, soda amene alimo amatulutsa mpweya, jelo ija n'kuyandama pamwamba pa chakudya ngati chivindikiro kuti asidi asakwere kukhosi.

Pa zosintha maonekedwe amalume ndi amene anatiphunzitsa ife. Mwanayo amafotokoza za a ku Harvard, gulu la Jennifer Lewis, amene mu 2016 anasindikiza jelo yafulati pa makina, m'kati mwake ataikamo timaulusi ta mtengo toyang'ana mbali zimene iwo asankha, ndiye akaiponya m'madzi imatupa kwambiri mbali imodzi kuposa inzake n'kudzipinda yokha mpaka kuoneka ngati duwa. Amalume anati, "Nanga si soya ameneyo? Ukachedwa kukolola, dzuwa likamenya, khoko limathetheka n'kupotokola ngati chingwe, mbali iyi uku mbali iyi uku. Ulusi wa khoko unagona mopingasa." Mwanayo anawomba m'manja kuti agogo ndi zomwezo ndendende, ofufuzawo anaonera ku zomera. Amafuna kuti tsiku lina dokotala azilowetsa kanthu kopyapyala pa kabowo kakang'ono, kakafika m'kati kadzitambasule kokha kukhala kapaipi kapena chigamba. A ku MIT mu 2019 anapanga kapisozi amene akamezedwa amafufuma kuwirikiza pafupifupi ka 100 pa mphindi 15, n'kukhala m'mimba osatsika, anamuyesa pa nkhumba ndipo anakhalamo mpaka mwezi akuyeza kutentha kwa m'mimba. Pofuna kuti atuluke umamwa madzi a kashiamu, amaphwa, basi. Ndi masewera omwe aja a thewera ndi mchere.

Koma chimene chandipangitsa kulemba zonsezi ndi amayi anga. Shuga ndi wa kumtundu kwathu, amayi nawo ali naye, ali kumudzi ku Ntcheu ndipo amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Magetsi kulibe, botolo amaliika mu kachitini, kachitiniko mu mtsuko wa madzi kuseri kwa chitseko. Kamakina koyezera shuga ndinawatumizira pa basi, koma timapepala take tikatha zimatenga milungu kuti ndipeze wopita kumudzi, ndiye masiku ambiri amabaya mongoyerekeza. Insulini ilibe maso, ukabaya imatsitsa shuga kaya wadya kaya sunadye. Chaka chatha nthawi yopalira anabaya m'mawa n'kupita kumunda kuti phala adzamwa pobwera, anawapeza ana a sukulu atagwa mumzere, thukuta lili kamukamu, sakuyankha. Mwayi mlamu wanga anadziwa, anawapaka shuga wa mu tiyi mkamwa mpaka anatsitsimuka. Ine ndinamva madzulo ndili mu takisi pa renki ya Bree m'tauni muno, ndinalira mpaka kutsika.

Ndiye mwana wa achemwali atati anti palinso jelo yomva shuga, ndinamuuza kuti khala pansi undiuze bwinobwino. Njira imodzi ndi yoika m'jelo enzyme, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, yotchedwa glucose oxidase, imene ikakumana ndi shuga imamusandutsa asidi, asidiyo n'kutupitsa jelo, maso a ukonde kutseguka, insulini kutuluka. Shuga akatsika asidi amachepa, ukonde umatsekanso. Njira ina imagwiritsa mankhwala otchedwa phenylboronic acid, amene amagwira shuga mwachindunji. Zhen Gu ndi anzake mu 2015 anaonetsa kachigamba komata pakhungu kokhala ndi timasingano tosakwana milimita imodzi, anakayesa pa mbewa za mu labu ku North Carolina, kenako mu 2020 ali ku yunivesite ya UCLA ku California anayesa mtundu wina wa kachigambako, kakakulu ngati kobiri, pa nkhumba zodwala shuga, ndipo kanagwira shuga pafupifupi tsiku lathunthu. Palibe batire, palibe foni, palibe netiweki, jeloyo ndi imene ikuyeza ndipo ndi yomweyo ikupereka mankhwala. Mu famasi sikanafike. Zovuta zilipo zenizeni, insulini ikangodontha yambiri nthawi yolakwika munthu amafa, ndiye jelo iyenera kutseka msanga ndiponso motsimikizika tsiku lililonse, pa munthu wonenepa ndi wowonda, wotuluka thukuta kumunda ndi wokhala mu ofesi. Sindikufuna kuti athamange nazo n'kupha anthu.

Chimene chimandipweteka ndi china. Munthu amene akufunikira kwambiri chinthu chodziyezera chokha ndi amene ali kutali ndi nesi, wopanda filiji, wopanda timapepala toyezera. Wa ku Sandton, dera la olemera kuno ku Joni, ali kale ndi kachipangizo pamkono kotumiza shuga wake pa foni mphindi zilizonse, akakomoka ambulansi ifika. Amayi anga ali ndi mtsuko. Koma zinthuzi zikamapangidwa, mtengo ndi kasungidwe kake amaganizira wa ku Sandton uja. Jelo yolimba ikafunda ndi yabwino mu labu ya makina oziziritsa, nanga mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, siilimbira m'botolo isanafike kwa wodwala? Ngakhale kuno ku Johannesburg, nthawi ya load shedding ija filiji imakhala yozima maola angapo patsiku, ine ndinkakulunga mankhwala a agogo amene ndimawasamalira ndi mabotolo a madzi oundana. Funso limeneli ndinamufunsa mwanayo ndipo anati malire a kutentha amatha kuwasuntha, akasintha kapangidwe ka ulusi jelo ikhoza kumalimba pa madigiri ena. Ndiye kuti n'zotheka, pamangofunika kuti wopangayo akhale ndi Nsanje m'mutu mwake.

N'chifukwa chake ndinasangalala kumva kuti ku Wits komweko kuli gulu lofufuza zimenezi, Wits Advanced Drug Delivery Platform, limene anayambitsa Pulofesa Viness Pillay amene anamwalira mu 2020, pano akulitsogolera ndi Pulofesa Yahya Choonara. Ali pa Parktown pompa, anthu amene amaona odwala athu omwewa, m'dziko limene a Stats SA, bungwe la boma loona za ziwerengero, anapeza kuti shuga ndi matenda amene akupha amayi ambiri kuposa ena onse. Ndinamuuza mwanayo kuti ukamaliza digiri usathamangire kukagulitsa mankhwala a chimfine mu mall, kagogode pa chitseko chimenecho. Anati anti kulowa kumeneko kumafuna magiredi, ndinati ndiye uwerenge, ndalama ya takisi ndizikupatsa ine.

Bala la amalume latenga miyezi itatu ndi theka. Madzi atachepa nesi anasiya alginate n'kutipatsa jelo ina ya mu chubu, yoyera ngati madzi, imeneyo ntchito yake ndi yopereka chinyontho pamene bala layamba kuuma. Jelo payokha sikanatha, anawapala zikonyo za m'mbali, anawapatsa nsapato yoti asapondere pabalapo, ndipo shuga tinalimbana naye, nsima kuchepetsa mpaka chibakera chimodzi, zimene mpaka pano sanandikhululukire. Ndinkayeza balalo ndi kobiri, poyamba R5 imalowa yonse, kenako 10 cents, sabata yatha panangotsala kachipsera kapinki. Abwerera ku gadeni Lolemba, gambutsi tagula ina yokulirapo, ndipo madzulo aliwonse amayang'ana kuphazi ndi kagalasi kometera ndevu. Dzulo ndinaimbira amayi cha m'ma 6 koloko m'mawa kuwafunsa ngati amwa phala asanabaye, anati ali pamoto akulivundula, ndinawauza kuti sindidula foni mpaka ndimve supuni ikulira m'mbale.